Kodi Pakati pa Msewu ndi pa Yani?

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2017 ndidali pa ulendo wa kuntchito wopita ku Kachulu, kugombe la nyanja ya Chilwa. Tidanyamuka mumzinda wa Zomba mochedwa, ndipo wochedwetsa ulendowo ndidali ine ndemwe. Ndidakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, mapepala ali pamiyendo, mawindo titatseka kuopa fumbi. Aliyense amene adayendapo m'misewu yafumbi yotsikira kunyanja m'chilimwe akudziwa mmene imakhalira. M'mbali mumakhala mchenga ndi maenje, ndipo malo osalalako ndi pakati pokha, pamsana pa msewu. Dalaivala wathu adagwira pamsanapo ndipo sadafune kupataya.

Titayandikira kudambo, mapiri a pachilumba cha Chisi akuonekera kutsogolo, tidaona bambo wina wachikulire akubwera pa njinga yakapalasa atamangirira dengu lalikulu la matemba ouma. Dengulo lidali lotambalala kuposa mapewa ake. Dalaivala adaliza hutala kawiri, osachepetsa liwiro, osasunthako ngakhale pang'ono. Bambo uja adayesa kukhotera kumbali, tayala lakutsogolo lidatitimira mumchenga, ndipo njinga, dengu ndi mwini wake zonse zidagwera m'ngalande. Nditacheuka ndidamuona m'kati mwa fumbi akudzuka pang'onopang'ono, matemba ali mbwee pansi.

"Musadandaule bwana, sitinawagunde," adatero dalaivala. "Amenewa anazolowera. Tikamapatukira njinga iliyonse, ku Kachulu tikafika mawa."

Ine ndidangoti, "Chabwino," n'kubwerera ku mapepala anga.

Dalaivalayo sadaname. Munthu uja sitidamugunde. Pagalimoto padalibe chipsera, magazi sadakhetsedwe, ndipo nkhaniyi ikadapita kubwalo mwina wina akadati nkhalambayo idagwa yokha. Nanga n'chifukwa chiyani mtima wanga umanditsutsa mpaka lero? Funso limene ndikufuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi ndi ili: kodi munthu amene sadagunde aliyense, koma wangokakamira pakati pa njira, ali ndi mlandu? Ndipo ngati ali nawo, kodi chindapusa chingathe kuuthetsa?

Ku Britain funso loyambalo adaliyankha ndi lamulo. Kumeneko amayenda kumanzere monga ife, ndipo misewu yawo ikuluikulu, imene amaitcha motorway, kawirikawiri imakhala ndi mizere itatu ya galimoto zolowera mbali imodzi. Buku lawo la malamulo a pamsewu, Highway Code, pa ndime 264 limalangiza kuti dalaivala azikhala mumzere wa kumanzere. Mizere inayo ndi yopitirira galimoto zoyenda pang'onopang'ono, ndipo ukapitirira uyenera kubwerera kumanzere. Komabe alipo ambiri amene amalowa mumzere wapakati n'kukhazikika momwemo mtunda wautali, ngakhale kumanzere kulibe galimoto ndi imodzi yomwe. Kuyambira pa 16 Ogasiti 2013 apolisi adapatsidwa mphamvu yolipiritsa munthu wotere mapaundi 100 pompopompo ndi kumulemba mapointi atatu pa laisensi yake. Amene mapointi ake akwana 12 m'zaka zitatu amaletsedwa kuyendetsa galimoto kwa kanthawi. Chilango chomwecho chimagweranso dalaivala amene amatsatira mnzake moyandikira kwambiri. Mu 2015 munthu wina amene adakakamira mzere wapakati pa msewu wa M62 adaweruzidwa kukhoti, ndipo zonse pamodzi adalamulidwa kulipira mapaundi oposa 900.

Wina angafunse kuti, munthu ameneyu walakwa chiyani? Sadaledzere, sakuthamanga mopyola muyezo, sadagunde munthu. Mwinanso ndi wamantha chabe amene amaona kuti pakati ndiye pabwino, poti kumanzere kumachuluka malole ndi galimoto zolowa kuchokera m'misewu ing'onoing'ono. Kodi boma lizilanga munthu kaamba kofuna mtendere? Funso limeneli si lopusa, pakuti chilungamo chimafuna kuti chilango chitsate cholakwa chenicheni, osati kungoti munthu watinyansa.

Koma tiyeni tione zimene zimachitika kumbuyo kwa munthu ameneyu, kumene iye sayang'anako. M'misewu imeneyi kupitirira mnzako chakumanzere n'kosaloledwa, pokhapokha galimoto zikathithikana. Ndiye dalaivala amene akuyenda bwinobwino kumanzere akamupeza wapakatiyo, ayenera kulowa pakati, achoke pakati alowe kumanja, amupitirire, abwerere pakati, kenaka abwererenso kumanzere. Wasintha mzere kanayi, pamene akadasintha kawiri kokha mnzakeyo akadakhala pamalo pake, ndipo kusintha kulikonse pa liwiro la makilomita oposa 100 pa ola kuli ndi chiopsezo chake. Malole akuluakulu saloledwa n'komwe kulowa mumzere wa kumanja, motero amangondanda pambuyo pake. Msewu umene udamangidwa ndi ndalama za anthu onse kuti ukhale wa mizere itatu wasanduka wa mizere iwiri chifukwa cha munthu mmodzi. Ena amapsa mtima n'kuyamba kumufinya kumbuyo, ena amamuzembera kumanzere. Ngozi ikachitika imagwera iwowo, pamene woyambitsa chipwirikiticho akupitiriza ulendo wake, wailesi ikuimba, osadziwa kuti wasiya zotani m'mbuyo.

Nditamvetsa zimenezi ndidazindikira kuti dalaivala wa pa M62 uja ndi dalaivala wathu wa pa msewu wa ku Kachulu ndi pachibale. Onse awiri adasankha malo owakomera iwo, ndipo chiopsezo chimene adachithawa sichidathe ayi, chidangosamukira kwa munthu wina. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Britain chimasamukira kwa mnzake amene nayenso ali m'galimoto, atamanga lamba. Kwathu kuno chimasamukira kwa munthu amene chomuteteza chake ndi malaya okha.

Misewu ya mizere yambiri tili nayo yochepa m'dziko muno. Tingatchule msewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre ndi misewu ingapo ya ku Lilongwe, kumene mphambano yosanjikizana ya ku Area 18 idatsegulidwa mu 2020. Koma khalidwe lokakamira pakati silidikira msewu wa mizere itatu. Taonani lole yodzaza matumba pa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde, matayala akumanja atapyola mzere woyera, osafuna kubwerera. Taonani minibasi imene imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, ngakhale pambuyo pake pali galimoto khumi. Usiku mudzakumana ndi dalaivala wosatsitsa magetsi, amene amakuchititsani khungu kuti iye aone bwino. Nawonso ang'onoang'ono sali oyera. Ilipo njinga yamoto ya kabaza yonyamula anthu atatu, ilipo ngolo yoyenda mumdima yopanda chowala chilichonse, tilipo ife oyenda pansi amene timadzaza tala tsiku la msika ku Songani kapena ku Thondwe. Aliyense amatenga gawo la msewu molingana ndi kukula kwake, ndipo lamulo limene limagwiradi ntchito tsiku ndi tsiku ndi lakuti wamng'ono athawe wamkulu. Woyenda pansi amathawa njinga, njinga imathawa njinga yamoto, yamoto imathawa minibasi, minibasi imathawa lole.

Sikuti malamulo olembedwa kulibe. Lamulo lathu la pamsewu la chaka cha 1997 limalamula kuyenda kumanzere, limaletsa kuyendetsa mosasamala, ndipo lili ndi mlandu wapaderadera wa kuyendetsa mosaganizira ena amene akugwiritsa ntchito msewu womwewo. Tsono onani zipatso zake. Lipoti la 2018 la bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, lidayerekeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 31 mwa anthu 100,000 alionse m'Malawi adafa pa ngozi za pamsewu, pamene ku Britain adali atatu okha. Dziko la galimoto zochepa lidataya anthu mowirikiza kakhumi poyerekeza ndi dziko lodzaza galimoto. Lipoti lina la bungwe lomweli la 2023 lidati padziko lonse pamafa anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo oposa theka la iwo ndi oyenda pansi, a panjinga zakapalasa ndi a panjinga zamoto. Amenewa ndiwo anthu a m'mbali mwa msewu, anthu ngati bambo wa matemba uja.

Madalaivala ali ndi chodandaula chawo, ndipo tiyenera kuwamvera. Amati misewu yathu ndi yopapatiza, tala lidadyeka m'mbali, maenje ndi osawerengeka, ndipo galimoto ikathyoka sipuling'i mwini wake amadula malipiro a dalaivala. Zonsezi n'zoona, ndipo boma limene limatolera msonkho pa mafuta lili ndi ngongole ya kukonza misewu. Komatu m'mbali mwa msewu mukaipa, mwaipira onse. Mchenga umene galimoto ya matayala anayi ikuuthawa ndi womwewo umene ikukankhiramo njinga ya matayala awiri. Msewu woipa sufafaniza funso lathu, umangolikulitsa: pamene malo abwino ndi ochepa, kodi avutike ndani? Galimoto yathu ikadapatuka tsiku lija, tikadagwedezeka pang'ono n'kuchedwa mphindi imodzi. Bambo uja popatuka adataya malonda ake. Matemba osakanikirana ndi mchenga sagulidwa pa mtengo wake, ndipo mwina mpamba wonse wa banja lake udali m'dengu lomwelo, ali ndi makilomita pafupifupi 30 oti apalase kukafika ku Zomba.

Ife a kugombe la Chilwa tiyenera kuumvetsa msanga mlandu wa mtundu umenewu, chifukwa tili nawo panyanja. Msodzi amene amakoka neti ya udzudzu m'madzi, kapena amene amaponya khoka m'nyengo imene nyanja yatsekedwa kuti nsomba ziswane, nayenso anganene kuti sadabe cha munthu. Palibe nkhokwe imene wathyola, palibe mbuzi imene wamasula. Koma tonse tikudziwa kuti wabera aliyense pang'onopang'ono, ndi ana amene sadabadwe omwe. Amene tidaona nyanjayi itaphwa mu 1995, n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018, tikudziwa mmene moyo umawawira matemba, makumba ndi milamba zikasowa. N'chifukwa chake makomiti a m'madoko akalanda ukonde woletsedwa, munthu wanzeru safunsa kuti wodandaula ndani. Wodandaula ndi mudzi wonse. Msewu nawo uli chimodzimodzi. Ulibe mwini mmodzi woti akakuimbe mlandu, koma wokakamira pakati amalanda mpata, nthawi ndi chitetezo zimene zidali za anzake. Kuba cha tonse ndi kuba ndithu, ngakhale wakubayo manja ake ali pachiwongolero.

Kodi khalidwe limeneli tidalitenga kuti? Makolo athu adali nawo malamulo a panjira. Njira ya kumudzi, yodutsa m'minda ndi m'madambo, imakwana munthu mmodzi, ndipo anthu awiri akakumana wina amayenera kuponda udzu. Mwana ankapatukira wamkulu. Mkamwini akaona apongozi ake akubwera ankalowa m'tchire ndithu. Koma padalinso lamulo lachiwiri, lakuti wopanda katundu apatukire wosenza. Mayi wosenza mtsuko wa madzi kapena mtolo wa nkhuni, mwana ali kumbuyo, palibe mwamuna wanzeru zake amene akadayembekezera kuti achoke m'njira. Amene kupatuka sikumuvuta kwambiri ndiye ankapatuka. Lamulo loyambalo lidali la ulemu, lachiwirili lidali la chifundo, ndipo awiriwa ankayendera limodzi.

Galimoto itabwera idawalekanitsa. Zomba lidali likulu la dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo atsamunda ankayenda osaponda pansi m'dera lino, poyamba pa machila, kenaka pa galimoto. Agogo athu adaphunzira kuti chinthu chimenechi chikamabwera ndiye kuti muli bwana, ndipo bwana sapatukira munthu. Ufulu utabwera mu 1964 okwera adasintha koma mwambo udatsala. M'nthawi ya Dr Kamuzu Banda misewu inkatsekedwa kwa nthawi yaitali iye asanadutse, ndipo ngakhale mu ulamuliro wa zipani zambiri mdipiti wa galimoto za mtsogoleri umaimitsa aliyense. Za chitetezo cha mtsogoleri sindikutsutsa. Koma phunziro limene ana athu amatolapo ndi lakuti ukakula msewu umakhala wako. Motero aliyense akangogwira chiwongolero amadziyesa mfumu, ndipo hutala imasanduka mawu olamula. Pa malamulo awiri a makolo aja tidasunga la kupatukira wamkulu, koma ukuluwo tidauchotsa pa imvi n'kuuika pa chitsulo. La kupatukira wosenza lija tidalitaya. Bambo wa matemba adali wamkulu kwa ine, adalinso wosenza. Mwa malamulo onse awiri a makolo, woyenera kupatuka ndidali ine.

Choncho pa funso loyamba lija yankho langa ndi lakuti inde, wokakamira pakati ali ndi mlandu, ndipo boma silimulakwira likamulipiritsa. Kudikira kuti agunde kaye munthu ndiye alangidwe kuli ngati kudikira kuti nyumba ipse kuti udzudzule mwana woseweretsa moto. Chilango chimauza dziko kuti khalidwe limene tinkaliona ngati mwano chabe ndi cholakwa chenicheni. Koma funso lachiwiri ndi lovutirapo, pakuti chindapusa chili ndi matenda ake atatu amene tiyenera kuwadziwa tisadachidalire.

Nthenda yoyamba ndi yakuti chindapusa chimatha kusanduka mtengo wogulira cholakwa. Akatswiri awiri a zachuma, Uri Gneezy ndi Aldo Rustichini, adachita kafukufuku m'sukulu zamkaka khumi mumzinda wa Haifa ku Israel, ndipo zotsatira zake adazisindikiza mu 2000. Makolo ena ankachedwa kudzatenga ana awo, aphunzitsi n'kumaweruka mochedwa. M'sukulu zina mwa izo adaika kachindapusa kochepa kwa kholo lochedwa. Chodabwitsa n'chakuti ochedwa adachuluka m'malo mochepa, ndipo chindapusacho chitachotsedwa sadabwerere mwakale. Kale kholo linkathamanga kuopa manyazi pamaso pa mphunzitsi. Ndalama zitalowapo manyazi adatha, poti munthu sachita manyazi ndi chinthu chimene walipira.

Kwathu kuno nthenda imeneyi ndi yoopsa koposa, chifukwa si ndalama zonse zoperekedwa pamsewu zimene zimafika kuthumba la boma. Tonse tidaonapo kondakitala akutsika, ndalama ataipinda m'manja, n'kubwerako akumwetulira, minibasi yodzaza mopyola muyezo n'kupitiriza ulendo. Si apolisi onse amene amatero, ndipo alipo amene amaima padzuwa tsiku lonse mokhulupirika. Koma paliponse pamene ndalama yaperekedwa popanda lisiti, dalaivala saphunzira kuti walakwa. Amaphunzira kuti msewu uli ndi mtengo wake, ndipo iye waugula kufikira madzulo. Munthu wotere akakumana ndi njinga sapatuka, pakuti wogula sapatukira amene sadalipire.

Nthenda yachiwiri ndi yakuti chindapusa chofanana sichiluma mofanana. Ndalama imene kwa mnyamata wa kabaza ndi phindu la sabata yathunthu, kwa mwini galimoto yaikulu ndi ya chakudya cha masana. Ku Finland adaiona nthenda imeneyi, ndipo kumeneko zindapusa za milandu ikuluikulu ya pamsewu zimawerengedwa potengera ndalama zimene munthu amapeza. Mu 2002 mmodzi wa akuluakulu a kampani ya Nokia adalamulidwa kulipira mayuro 116,000 chifukwa chothamanga makilomita 75 pa ola pamalo a makilomita 50 mumzinda wa Helsinki, ngakhale khoti lidadzachepetsa ndalamazo litaona kuti zopeza zake zidatsika. Mapointi a pa laisensi aja nawonso ali ndi ubwino womwewu, chifukwa olemera ndi osauka onse ali ndi laisensi imodzi. Kwathu kuno vuto limapitirira apo. Galimoto zina sizimaimitsidwa n'komwe, poti nambala yake kapena nkhope ya wokweramo zimaopsa. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Lamulo limene limagwira kabaza n'kuchitira sawatcha galimoto ya bwana likuphunzitsa phunziro lomwe lija limene lidayambitsa vutoli, lakuti pakati ndi pa wamkulu.

Nthenda yachitatu ndi yakuti chindapusa chimafuna maso, ndipo maso a boma sangakhale paliponse. Ngakhale ku Britain, dziko la makamera ambiri, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu la National Highways lidalengeza mu 2024 kuti pa kafukufuku wake pafupifupi dalaivala mmodzi mwa atatu alionse adavomera kuti nthawi zina amakakamira mzere wapakati. Zimenezi zidali patapita zaka zoposa khumi chikhazikitsire chilango chija. Nanga pa msewu wa ku Kachulu, pamene mboni zathu zidali akakowa a m'dambo, adakatilemba ndani? Ngati chotiletsa ndi wapolisi yekha, ndiye kuti misewu yambiri ya dziko lino ilibe lamulo.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chimandipatsa chiyembekezo. Pamudzi pakagwa maliro, anyamata amathyola nthambi zamasamba n'kuziika pamsewu, uku ndi uku. Palibe chikwangwani, palibe wapolisi, palibe chindapusa. Koma dalaivala wa minibasi yemwe uja amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi. Wapanjinga amatsika n'kuyenda chokankha, ndipo abambo amavula zipewa. Ngakhale lole imadutsa mwakachetechete. Izi zikutanthauza kuti madalaivala athu si anthu osatha kudziletsa. Amadziletsa akakumbukira kuti pamalo pano pali anthu, kuti anthuwo akuwaona, ndi kuti mawa masamba amenewa adzaikidwa pakhomo pawo. Chimene chimandipweteka n'chakuti ulemu umenewu timausungira munthu akamwalira. Bambo wa matemba uja tikadamupha, mawa lake galimoto yomwe ija ikadadutsa pakhomo pake pang'onopang'ono.

Mphamvu ya manyazi imeneyi adaiyesapo kwina mwadala. Antanas Mockus atakhala meya wa mzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1995, adatumiza m'misewu anthu a zisudzo opaka nkhope zoyera, osayankhula, amene ntchito yawo idali kutsanzira ndi kuseka madalaivala ndi oyenda pansi ophwanya malamulo, ndi kuyamikira ochita bwino. Ganizo lake lidali lakuti anthu amaopa kusekedwa pagulu kuposa kulipira. Ife sitikusowa kuitanitsa nzeru imeneyi kunja, chifukwa masamba a maliro aja akutionetsa kuti tili nayo kale. Chosowa n'chakuti tiitulutse pamaliro, tiyende nayo msewu wonse. Chindapusa chimagwira bwino ntchito chikapeza manyazi ali kale m'mitima ya anthu ambiri, icho n'kungotsata ouma mitu ochepa otsalawo. Chikabwera pamene manyazi kulibe, chimangokhala msonkho wina.

Nanga manyazi amenewa adzawadzutsa ndani? Apa mpamene nkhaniyi ikubwerera kwa ine, ndi kwa inu amene simudagwirepo chiwongolero koma mumakwera. Dalaivala wa kuntchito amayendetsa mmene bwana wake amalolera. Ndimadziwa bwino mmene ife ogwira ntchito m'maofesi timachitira. Msonkhano wa 9 koloko timanyamukira 9 koloko yomweyo, kenaka n'kumayang'ana wotchi mokweza kuti dalaivala aone. Iye amamva uthengawo, ndipo nthawi imene ife tidataya pomwa tiyi amakaibweza pamsana pa anthu a panjinga. M'minibasi namonso timakhala anthu khumi ndi asanu, tonse mitima ili m'mwamba, koma wina akati, "Adalaivala, tachepetsani," enafe timamuseka kuti ndi wamantha, kapena timamuuza kuti atsike akagule yake. Dalaivala amaona kuti khamu lili kumbali yake. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Tsiku lija ine ndidali pamsana pa njovu, ndipo liwu langa limodzi likadakwanira kuimitsa galimoto. Sindidalinene, osati chifukwa choopa, koma chifukwa kufulumirako kunkandikomera.

Motero kwa opanga malamulo ndi owasunga ndikuti, lipiritsani ndithu wokakamira pakati, wosatsitsa magetsi ndi woima paliponse. Koma ndalamayo ikhale ya lisiti, chilangocho chikhudze laisensi osati thumba lokha, ndipo muyambire pa galimoto zikuluzikulu za maofesi athu kuti ang'onoang'ono aone kuti lamulo lilibe nkhope. Kwa ophunzitsa kuyendetsa galimoto ndikuti, musanamuphunzitse mwana magiya mukumbutseni lamulo la agogo ake, lakuti wopanda katundu apatukire wosenza, ndipo pamsewu wosenza ndi amene alibe chitsulo chomuzinga. Kwa ife okwera, ntchito yathu ndi yaing'ono koma siingagwiridwe ndi wina: kunyamuka nthawi yabwino, ndi kuyankhula.

Patapita miyezi ingapo ndidayendanso msewu womwewo ndi dalaivala yemweyo. Kutsogolo kudaoneka mayi akukankha njinga yosenza thumba la mpunga. Ndidati, "Achimwene, tawapatukirani mayiwa." Adandiyang'ana modabwa, kenaka adachepetsa liwiro n'kulowetsa matayala mumchenga, galimoto n'kupendekeka pang'ono. Mayi uja adadutsa osatiyang'ana n'komwe, ndipo adachita bwino, chifukwa sitidamupatse mphatso, tidangomubwezera chake. Ku Kachulu tidafika tsiku lomwelo, msonkhano usadayambe.

Bambo wa matemba sindidakumane nayenso. Dzina lake sindilidziwa, mudzi wake sindiudziwa, ndipo ndikamagula matemba mumsika wa Zomba ndimayang'ana nkhope za ogulitsa mwina n'kumuzindikira, koma fumbi la tsiku lija lidandibisira nkhope yake. Palibe wapolisi amene adandilemba, palibe khoti limene lidzandiitane. Ngongole imeneyi ndilibe poilipira, kupatula pa munthu wotsatira amene ndidzakumane naye panjira atasenza. Mayi anga nawonso amayenda m'mbali mwa msewu womwewo popita kuchigayo, chimanga chili pamutu, ndipo makutu awo sakumvanso bwino hutala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.